Nsomba Zimene Zinadyetsedwa Mbuzi ya ku Chapananga

Tsiku limene Flossy ankavuula nsomba zakufa m'thanki yagalasi, anagwiritsa ntchito sefa ya tiyi. Zinali zitatupa mimba. Madzi anali atachita mbuu, mafuta akuyandama pamwamba ngati msuzi wadzulo. Zamoyo zinatsala zitatu, nazonso zili phee pansi pa thanki.

Inu amene mukuganiza kuti munalakwitsa moti simungadzukenso, tamvani za mtsikana ameneyu.

Flossy ndi wa ku Chapananga, kumene madzi amawaona m'chigubu ndipo nsomba amaiona itauma kale. Mayeso a Folomu 4 anamukana kawiri. Amalume ake anali atayamba kutchula dzina la woti amukwatire, bambo wina wa ng'ombe zambiri ndi mano ochepa. Chimene chinamupulumutsa ndi ntchito yokolopa pa loji ina ku Nchalo. Ntchitoyo ikanatha, kolowera kunali kwa amalume komweko.

Pa lojipo panali thanki ya nsomba zokongoletsa, zachikasu ndi zabuluu, zimene mwini malowo, a Geresomo, ankazikonda kuposa alendo. Iwo atapita ku Blantyre kukadwazika akazi awo, chakudya cha nsombazo chinatha m'chitini. Sabata yomweyo mayi ake a Flossy anamutumizira nyama ya mbuzi.

Kwawo, mlendo wolemekezeka amapatsidwa chiwindi ndi nthuli yonona. Flossy anaona kuti nsomba za bwana si zopatsa makombo. Anadzimana, n'kuduladula ponona penipeni, n'kumaziponyera m'mawa ndi madzulo. Zinkalimbirana, iye n'kumakondwa kuti akuchereza bwino.

A Geresomo atabwerako sanakalipe. Anayang'ana thankiyo kwa nthawi yaitali.

"Zitatuzi zikafa, mwanawe, ulongedze."

Flossy sanalongedze. Lamlungu anakwera kabaza mpaka padoko lina la asodzi ku dambo la Elephant Marsh. Kumeneko anapeza msodzi wachikulire, a Lorenso, akusoka ukonde. Anagwada n'kufotokoza zonse, osabisa kanthu. Mkuluyo anaseka mpaka singano inagwa, n'kuitana anzake m'Chisena kuti adzamve nawo.

"Mwananga, unaonapo nsomba ya makakana ikuthamangitsa mbuzi?"

Atatha kuseka anamukhazika pamphepete pa bwato. Anamuuza kuti mlamba ndiye sasankha, ena amaukola ndi sopo amene, koma nsomba zambiri zimadya zimene madzi azipatsa: nyongolotsi, tizilombo togwera m'madzi, ndere, ndi tinsomba tinzawo. Kenako anamufunsa chimene chimachitika ndi mafuta a mbuzi mbale ikazizira.

Funso limenelo Flossy sakanalephera. Mbale zoterozo watsuka kuyambira ali mwana. Mafuta amaundana, ndipo osatenthetsa madzi sachoka. Pamenepo anamvetsa yekha. Nsomba ilibe kutentha kwa m'thupi ngati ife, thupi lake limangofanana ndi madzi. Mafuta a nyama amailemera m'mimba, ndipo zotsala zimawola n'kuipitsa madzi omwe ikupumamo.

"Takhuta," anatero, pogwiritsa ntchito mawu othokozera, okhawo a Chisena amene ankawadziwa bwino.

Anabwerera ndi nyongolotsi m'chitini. Madzi ankasintha pang'onopang'ono, osati onse kamodzi. Nsombazo anayamba wazisiya ndi njala, chinthu chimene chinamupweteka kwambiri mwana woleredwa kuti mlendo sagona ndi njala. Kenako anayamba kuzipatsa nyongolotsi zotsuka, zoduladula, zochepa kwambiri. Wophika pa lojipo anamupatsa dzina loti Adokotala, ndipo m'mawa uliwonse ankamufunsa ngati ku wodi kwagona bwino.

Ziwiri zinayamba kuyendayenda. Yachitatuyo, yachikasu, inapitiriza kugona chammbali. Flossy ankalowa m'chipindamo maso ali pansi, kukolopa ngodya zonse, thanki n'kuisiya pomaliza.

M'mawa wina atadzutsa mutu anapeza zonse zitatu zili pagalasi, zikutsegula kukamwa ngati ana a mbalame. Anavundikira ndowa n'kukhalapo. 

A Geresomo anamupeza ali chomwecho. Anayang'ana nsomba, n'kuyang'ana iye.

"Mawa ubwere ngati masiku onse. Koma mbuzi uzidya wekha."

Lero Flossy sakolopanso. Amasinja zinyenyeswa za usipa, ngumbi zouma ndi masamba a sangowa, mtengo umene ena amati chamwamba, n'kuumba timibulu ta chakudya cha nsomba timene amayanika pamthunzi. Amagula ndi eni mathanki komanso alimi a nsomba za m'maiwe. Thanki ya a Geresomo inadzazanso. Dzina la bambo wa ng'ombe uja amalume analiiwala.

Mwina nanunso munawononga chinthu pamene mumafuna kuchita bwino. Musathawe. Kagwadeni pamaso pa odziwa, aloleni aseke, kuseka kukatha ayankha. Kenako bwererani mukasamale zimene zatsala, ngakhale zili zitatu zokha. Osataya mtima.