Adona a M'chipinda Chositira

Kuseri kwa hotela ina, kupitirira khitchini ndi posungira zinyalala, kuli chipinda chotentha ngati uvuni momwe amachapiramo ndi kusita nsalu zoyala pabedi. M'menemo mumagwira ntchito mayi wamtali, wochepa thupi, yemwe aliyense amamutchula kuti Adona. Dzinali silinabwere mwaulemu ayi. Anzawo onse amasita chiimire, koma iwo akasita pang'ono ankakhala pa kampando, n'kupinda msana, dzanja lili pamimba.

"Adona apumule kaye, ife antchito awo tipitirize," ankatero anzawo.

Iwo ankangoseka nawo. Dzinalo linakakamira, mpaka bwana nayenso anayamba kuwaitana choncho.

Ululu wa m'mimbawo unayamba atangotha msinkhu. Akakhala kumwezi ankagubuduzika pa simenti yozizira, kusanza, thukuta lili kamukamu. Mayi awo ankawasisita msana n'kumati, "Limba mtima mwanawe, akazi tonse ndi momwemo. Ukadzabereka zidzatha zokha." Kusukulu anali katswiri pa masamu, ndipo ankafuna kudzakhala mphunzitsi. Koma mayeso omaliza anagwera m'masiku oipa omwewo. Analemba theka la pepala, maso anachita mdima, anadzidzimuka ali pakhonde aphunzitsi akuwakupiza ndi katoni. Sanabwerezenso kalasiyo. Azakhali awo ndi amene anawapezera ntchito ya simbi kuhotela.

Mwamuna wawo anamudziwira komweko. Anali kalipentala, anabwera kudzakonza shelefu yoikapo nsalu. Shelefu imodzi yomweyo anaibwerera kambirimbiri, mpaka bwana anamufunsa ngati akumanga tchalitchi. Anali munthu wofatsa, wolankhula motsitsa, pensulo ili kukhutu nthawi zonse. Atakwatirana anachita lendi zipinda ziwiri, ndipo bedi, kabati ndi mipando anakhoma yekha.

Pa nthawiyo ululu unali utasiya kudikira mwezi. Unkabwera poyenda, popita kuchimbudzi, ndiponso akakhala malo amodzi ndi mwamuna wawo. Kalipentala sankakakamiza. Ankatenthetsa madzi, kuwathira m'botolo, kulikulunga ndi thaulo n'kuwaika pamimba. Mimba yoti ithetse zonse ija sinabwere. Azilamu awo akabwera kudzacheza ankayang'ana m'nyumba n'kumati, "Koma muno ndi mwaukhondo! Inde, mulibe wodetsa."

Chimene chinapasula banjalo sichinali mawu a azilamu. Tsiku lina Adona anapita kuchipatala chaching'ono chapafupi. Mzera unafika kunja, ndipo dokotala wake anali yekha, atatopa. Anafunsa mafunso ochepa maso ali pa tebulo.

"M'mimba m'munsi? Kupweteka mukakhala ndi abambo? Amenewo ndi matenda opatsirana pogonana. Mubwere ndi amuna anu, nonse mumwe mankhwala."

Anamwa onse awiri, osafunsana kanthu. Ululu sunasunthe. Atabwerera anauzidwa kuti mwina wina mwa iwo akukawatenganso kwina, ndipo anawapatsa mapiritsi ena amphamvu.

Kalipentala ankadziwa mumtima mwake kuti sanayendepo njira yachilendo, ndiye maganizo ake anagwera pa mkazi wake. Adona nawonso ankadzidziwa, ndiye anakayikira mwamuna. Kwa miyezi ankadya m'mbale imodzi, aliyense akumeza funso lake. Linatuluka Lamlungu lina masana, Adona akuanula zovala.

"Kodi kuhotela kwanuko mumangosita basi?"

Adona anaika beseni pansi. "Nanga inu, zitseko za m'nyumba za anthu mumakonza amuna awo alipo?"

Panalibe kumenyana, panalibe kutukwana. M'nyumba munangozizira. Botolo la madzi otentha Adona anayamba kudzikonzera okha. Chaka chisanathe kalipentala ananyamula bokosi la zida ndi zovala zake, zina zonse anazisiya.

Zaka zinapita, mayi awo anamwalira, mabwana anasinthana. Adona anapitirira zaka makumi anayi zakubadwa akusitabe, mapiritsi opha ululu ali m'thumba la epuloni ngati maswiti. Anabwera amuna ena odzafunsira, onse anawakana. Mpingo unkati ndi odzisunga, aneba ankati ndi onyada.

Tsiku lina ali ku chipatala chachikulu, nesi wowayeza anawafunsa kuti vutoli layamba liti.

"Inu musanabadwe, achemwali."

Nesiyo sanaseke. Anawalozera chitseko cha kumapeto kwa khonde, nati kumeneko kuli madokotala omwe akuchita kafukufuku pa amayi omwe amamva ululu wa m'munsi mwa mimba wosatha. Adona anapita chifukwa kumeneko benchi inali ndi malo.

Dokotala wa kafukufuku anali mayi waimvi, wovala magalasi. Anatseka chitseko, nakokera mpando wake pafupi. Anawauza poyambirira kuti sakulonjeza kuchira, kuti cholinga ndi kumvetsa chomwe chimavutitsa amayi ambiri otere, ndipo ali ndi ufulu wokana. Adona atavomera, dokotalayo anayamba kufunsa. Kodi ululuwo umatsikira kumwendo? Umabaya kapena umakoka? Unayamba musanadziwe mwamuna kapena mutakwatiwa?



"Ndisanadziwe mwamuna," anayankha Adona pang'onopang'ono. "Ndili pasukulu."

"Munawauzapo a chipatala zimenezi?"

"Palibe anandifunsa. Inenso sindinaganize kuti n'zogwirizana."

Anawatenga magazi, anawaunika ndi makina, ndipo pambuyo pake anawachita opaleshoni yaing'ono yolowetsa kakamera pamchombo. Atatsitsimuka bwino, dokotala anabwera ndi zithunzi. Anatchula dzina la matendawo, endometiriyosisi, ndipo Adona anati dzina lotalika chotero ndi la sitima, osati la matenda a munthu wosita. Dokotala anamwetulira, kenako anafotokoza. Minofu yofanana ndi ya m'kati mwa chiberekero inamera kunja kwake. Mwezi uliwonse inkatupa ndi kukha magazi osowa kotulukira, ndipo zipsera zake zinamata ziwalo za m'mimba pamodzi. Anachotsako zomwe akanatha.

"Ndiye anandipatsira ndani?"

"Palibe, mayi. Amenewa munthu sapatsidwa ndi mnzake."

Adona anayang'ana kudenga. "Nanga mwana?"

Dokotala anavula magalasi. "Zikanadziwika kale, panali zoti tikanayesa. Sindinganene kuti zikanatheka ndithu. Koma pano nthawi yatipitirira."

Mabala atapola, Adona anavala diresi lawo la kutchalitchi n'kukwera minibasi kupita kutsidya la tawuni, komwe anamva kuti kalipentala ali ndi shedi yake. Anamupeza akupala thabwa, tsitsi litayera, mimba itatuluka. Kuseri kwa shediyo kunali nyumba, ndipo pachingwe panali timayunifolomu ta ana asukulu.

Atawaona anazimitsa makina opalira. Anapukuta benchi ndi chipewa chake.

"Khalani, mayi. Kwagwanji?"

"Sikunagwe kanthu. Ndabwera ndi mawu ochepa, ndikanena ndizipita."

Anamufotokozera zonse, za kamera, za zithunzi, za minofu yomera posayenera. Dzina la matendawo linawakanika, analisiya. Kalipentala ankamvetsera akupotokola kachidutswa ka thabwa m'manja.

"Ndiye kuti simunali inu," anatero mapeto ake.

"Sindinali ine. Simunalinso inu."

"Ine zaka zonsezi ndimati..." Anaponya kathabwa kaja pansi. "Ndinawauza abale anga, mukudziwa? Mayi anga anapita m'manda akudziwa kuti inu ndinu..."

"Nanenso anga ndinawauza za inu. Akufawo sitingawauzenso."

Kenako kamtsikana kanasuzumira pakhomo la kuseri, n'kunena kuti, "Adadi, amayi akuti chakudya chikuzizira." Kanali ndi mphumi ya bambo ake. Adona anakayang'ana mpaka kanachita manyazi n'kuthawa.

"Tiyeni tikadye," anatero kalipentala.

"Ayi, zikomo. Muwapatse moni amayi a kunyumba."

Kalipentala anafuna kuwaperekeza, koma iwo anakana. Anasansa utuchi pa diresi n'kutuluka.

Masiku ano ululu unachepa, ngakhale sunathe. Adona amapitabe kwa dokotala wa magalasi akawaitana, amayankha mafunso, amapereka magazi. Amadziwa kuti zomwe madokotalawo adzapeze zidzathandiza ena, osati iwo. Pa benchi ya pakhomo paja amakumana ndi amayi achichepere, ena ovala mphete zatsopano. Tsiku lina mmodzi wa iwo anawafunsa ngati ali ndi ana angati. Adona anati alibe, ndipo mtsikanayo anapepesa, nayang'ana pansi. Anakhala moyandikana mpaka nesi anatsegula chitseko n'kuitana wotsatira.