Mbusa wa Mbewa Zoyera

Anthu a pa labotale ankawatchula kuti Abusa. Alendo ankayesa kuti ali ndi mpingo, ena mpaka kuwapempha pemphero, pomwe nkhosa zawo zinali mbewa zoyera, mazana anayi kapena asanu, m'chipinda chapansi chopanda zenera.

Sanabwere kudzaweta. Analembedwa ntchito yokolopa ali ndi zaka makumi atatu, atatopa ndi maganyu a zomangamanga. Mkulu amene ankasamala mbewa nthawi imeneyo anali wodwala msana, ndiye ankawaitana kuti amunyamulire matumba a utuchi. Kunyamulako kunabala kutsuka timakola, kutsukako kunabala kudyetsa. Mkuluyo atapuma ntchito, panalibe wina wodziwa kumene kiyi wa kabati ya zakudya amakhala. Basi, ntchito inagwera iwo.

Tsiku lawo linkayamba ndi kuvula. Zovala za kunyumba ankazisiya m'chipinda choyamba, n'kuvala ovolosi yophikidwa m'nthunzi, chipewa, magolovesi ndi jombo. Zonsezi zinali zoteteza mbewa, osati iwo. Mbewa zina zinabadwa zopanda chitetezo cha m'thupi, zopanda ngakhale ubweya, khungu lokhalokha lamakwinya ngati zala za munthu amene wachapa tsiku lonse. Kachilombo kosamudwalitsa n'komwe munthu kakanatha kumaliza shelefu yonse. Zina chitetezo chawo chinali chonyanya, chinkaukira impso za thupi lake lomwe. Zimenezi zinali za Adokotala, mayi wa pansanjika yachiwiri amene ankafufuza mankhwala ofatsitsa chitetezo chotere.

Abusa sukulu anailekera panjira, koma mbewa yodwala ankaiona msanga kuposa aliyense. M'mawa wina Abusa anaimitsa Adokotala pa masitepe.

"Khola lachisanu ndi chiwiri sindikulimvetsa."

"Ndaziyeza dzulo lomweli. Sikelo sinasinthe."

"Sikelo ilibe maso, Adokotala. Mbewazo zasiya kumanga chisa. Thonje limene ndinaziikira Lolemba likadali pakona."

Magazi atayezedwa, anapeza kuti impso zinali zitayamba kufooka. Kuyambira pamenepo Adokotala anawonjezera mzere pa pepala lawo lolembapo za mbewa, wofunsa ngati chisa chamangidwa.

Kunyumba nkhani za mbewa sizinkamveka kwenikweni. Akazi awo, telala wa pakhonde, anali ndi yankho lawo kwa makasitomala ofunsa zambiri.

"Ndimawauza kuti mumagwira ku chipatala."

"Ndiye mumanama, mayi."

"Sindinama, bambo. Ndimangofupikitsa."

Chaka chakhumi ndi chisanu ndi chinayi cha ntchitoyi, anayamba kuyetsemula. Maso ankayabwa, mphuno ili chuchuchu. Akazi awo anati ndi chimfine, koma chimfine chake chinali chodziwa kalendala. Loweruka chinkachepa, Lamlungu n'kutheratu, Lolemba cha m'ma teni koloko n'kubweranso. Abusa anazindikira msanga, popeza kuona zizindikiro inali ntchito yawo. Sanauze munthu. Anayamba kuvala masiki awiri, n'kumameza timapiritsi ta kugolosale. Anabisa choncho miyezi isanu ndi itatu, mpaka chifuwa chinayamba kulira mluzu akamakwera masitepe.

Lachiwiri lina m'mawa, akukhuthula utuchi wakale mu ndowa, mpweya unakana kulowa. Anakhala pansi atatsamira chitseko. Anali atatseka kaye khola limene linali m'manja mwawo n'kulibwezera pa shelefu, ndipo anthu anadzazisimba pambuyo pake ngati nthabwala. Amene anawapeza ndi mlonda, atadabwa kuti wilibala ya zinyalala sinatuluke pa nthawi yake.

Ku chipatala anawapatsa mpweya, ndipo patapita masabata angapo anawayeza. Namwino anadontheza timadzi tosiyanasiyana pamkono, ta fumbi, ta mungu, ta mphaka, ta mbewa, n'kubaya pang'ono pa dontho lililonse. Pasanathe mphindi makumi awiri, pa mbewa panatupa ngati paluma mavu. Adokotala a pansanjika yachiwiri aja anabwera kudzawaona, nawafotokozera okha.

"Ndi mphumu. Asilikali a m'thupi mwanu akuyesa kuti fumbi la mkodzo wa mbewa ndi mdani. Mukalipuma, amatseka njira za mpweya. Zimawachitikira ambiri ogwira ntchito ngati yanuyi."

"Zaka zonsezi anali kuti asilikaliwo? Akuzindikira lero?"

"Funso limenelo ndi limene limatidyetsa ifeyo. Sitinalipezere yankho lokwanira."

"Nanga mankhwala a mbewa zanu aja? Si ofatsitsa chitetezo?"

"Amenewo ndi a nthenda ina, komanso sanafike pa munthu. Anu ndi opopera m'kamwa, m'mawa ndi madzulo. Koma mankhwala enieni ndi kutuluka m'chipinda chija."

Abusa anayang'ana mkono wawo. Akazi awo, amene anakhala pa mpando wa m'mbali, ndi amene anati, "Atuluka."

Anawasamutsira m'chipinda chotsukira mabotolo, chokhala ndi mazenera awiri akuluakulu. Mbewa anazitenga mayi wina amene kale ankaweta nkhuku. Abusa anamuphunzitsa ataima kunja, kudzera pa galasi la chitseko. Mayiyo ankanyamula khola n'kuliyandikiza pagalasipo, iwo n'kumaloza: iyo yadzikunga, iyo ubweya waimirira, botolo ilo likudontha. Miyezi yoyamba ankatsika kawiri pa tsiku. Kenaka mayiyo anayamba kuona yekha, tsiku lina mpaka anawatsutsa, ndipo wolondola anali iyeyo. Abusa anachepetsa kutsika.

Anatsuka mabotolo zaka zitatu. Chifuwa chinapepuka, ngakhale sichinabwerere mwakale. Utsi wa galimoto ndi mafuta onunkhira zinkawatsokomoletsa, ndipo kabotolo ka mankhwala opopera kanakhazikika m'thumba la malaya.

Tsiku lopuma ntchito anawakonzera tiyi m'chipinda cha misonkhano, masana. Anthu atayamba kubalalika, Abusa anafunsa Adokotala ngati mankhwala a mbewa aja anagwira.

"Mwa mbewa, pafupifupi theka zinakhala bwino. Tapereka zotsatira kwa anzathu ena kuti apitirize. Za anthu mwina tidzadziwa patapita zaka khumi."

"Ndiye mudzandiuze."

Adokotala analonjeza, koma patapita zaka ziwiri anapeza ntchito kwina, ndipo Abusa sanamvenso za mankhwalawo. Masiku ano amakhala pakhonde ndi akazi awo. Amasokerera mabatani ndi kudula ulusi wotsalira, ndipo choko cholembera nsalu akazi awo anawaletsa kugwira chifukwa cha fumbi lake.