Mlamba Umene Unkatseka Paipi

Alamu anga a Stafford ndi munthu woti ukawafunsa nthawi amayamba akufotokozera kumene anagula wotchi. Anakwatira achemwali anga a Sellah, ndipo kwa zaka makumi awiri ntchito yawo pa esiteti pano yakhala imodzi, yoyang'anira injini imene imapopa madzi a m'damu kupita ku nazale ya tiyi. Ine ndine Lestina. Ndimathyola tiyi m'munda woyang'anizana ndi damulo, ndiye izi si zakumva, ndinaona ndi maso angawa.

Injini ija inali ndi chizolowezi chongozima yokha. A manijala akafunsa, alamu ankati m'damumo muli chimlamba, mutu ngati beseni lochapira, chimene chimakonda kugona pakamwa pa paipi n'kutseka madzi. Anayimba nyimbo imeneyi zaka khumi ndi chimodzi. Aliyense ankadziwa kuti munthuyo amangogona pantchito, ndipo wotsogolera kuwaseka ndinali ine. Tikakumana ndinkati, "Alamu, anzanu a ndevu aja adzuka bwanji?" Achemwali ankangoyang'ana kumbali.

Mu Julayi mbande za ku nazale zinafota, ndipo a manijala anapatsa alamu kalata: injini ikangozimanso, ntchito yatha, nyumba ya kampani atulukemo. Apo n'kuti kwangotsala zaka ziwiri kuti apume. Nditapita kukawaona ndinapeza achemwali akulongedza mbale m'katoni mwakachetechete, kukonzekera kubwerera kwathu ku Chimaliro. Kunena zoona ndinamva chisoni, kuseka konse kunandithera.

Kampani ili ndi kabwato kachitsulo kochotsera udzu m'damu, koma nkhafi yake wina anasemera mpini kalekale. Alamu anabwera kwa ine kudzabwereka chipepala cha pulasitiki chimene timamanga m'chiuno pothyola tiyi kuti mame asatinyowetse. Anapemphanso kwa amayi ena atatu, n'kuzisoka pamodzi, n'kuzimangirira ku nsungwi. Akuti limenelo ndi thanga loyendetsera bwato ndi mphepo, anaona pa kalendala ya ku ofesi.

Loweruka kunacha ndi chiperoni, kamvula kowaza ndi mphepo yozizira yolowa m'mafupa. Tili pakati pothyola tinangoona chinthu chikuyenda pamadzi, zipepala zathu zitatupa ngati mimba ya munthu wochokera ku ukwati. Alamu anakhala kumbuyo atavala jekete ya kutchalitchi. Kabwato kankayenda ndithu, ndipo anatikwezera dzanja ngati bwana wodutsa pa galimoto.

Nyambo yawo inali matumbo a nkhuku, chingwe chinali choyanikira zovala cha achemwali. Poti manja onse anali pa thanga, chingwecho anadzimangirira m'chiuno. Munthu wosadziwa kusambira, mwamva.

Atafika pafupi ndi paipi, tinangoona akhala pansi mwadzidzidzi, miyendo m'mwamba. Kenako kabwato kanayamba kubwerera chambuyo. Mphepo ikukankhira uku, cha pansi pa madzi chikukokera uko, alamu ali pakati ngati mwana wa banja limene likutha. A kapitawo anatikalipira kuti tithyole, koma nawonso maso anali komweko.

"Dulani chingwe, alamu," ndinakuwa. "Mufera za ziii."

"Chingwe n'cha achemwali anu," anayankha. "Ndikadula ndikalowera kuti?"

Chinawazunguza damu lonse katatu. Nsungwi inathyoka, chipepala changa chinauluka n'kukakodwa pa bulugamu, mpaka lero chili pomwepo. Potsiriza chinatopa, ndipo mphepo inawakankhira pamatope kumunsi kwa munda wathu. Tinatula madengu, amayi asanu ndi mmodzi, n'kugwira chingwe. Chimene chinatuluka m'madzimo, abale inu, chinali chachitali kufika pachifuwa panga, chakuda bii, mutu ngati beseni lochapira. Sanawonjezepo kanthu munthu uja.

Inali nthawi yopimitsa masamba, ndiye tinachinyamula kupita nacho pa sikelo. A Mabvuto, kalaliki wathu, amene tsiku la mvula amatichotsera makilo ati masamba anyowa, anachikoleka, n'kuyang'ana muvi.

"Makilo twente sikisi," anatero. "Kuchotsa awiri a madzi, twente folo."

"Nsombanso muichotsere madzi?" ndinafunsa. "Mumafuna izikhala pa denga?"

Iwo anati lamulo ndi lamulo.

A manijala anafika pa njinga yamoto. Anachizungulira kawiri, akuyang'ana mutu, kenako kuyang'ana ku paipi. Ndiye anakumbutsa alamu kuti kuwedza m'damu la kampani n'koletsedwa, komanso kuti woyang'anira injini ndi amenenso amayenera kuthamangitsa owedza.

"Sindimawedza, bwana," anatero alamu, madzi akuchucha m'jekete. "Ndimakonza paipi."

A manijala anakhosomola, n'kunena kuti kalata ija aibweze ku ofesi Lolemba, aiwale za iyo.

Madzulo ake nyumba zonse za m'layini mwathu zinanunkhira mlamba. Achemwali anatulutsa mbale m'katoni muja n'kuwapakulira alamu nthuli ya pamimba, yonona. Anagwada, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo a Hazel, nanenso ndinkayesa mumanama."

"Ndinkadziwa," anatero alamu.

Anayang'ana mbale ija nthawi yaitali, kenako anaikankhira kwa ine.

"Idyani inu, alamu. Zaka zonsezi, amene ankadziwa kuti ndikunena zoona tinali awiri okha, ine ndi ameneyu."

Tsiku limenelo anadyera nkhwani.