Twila, Maso a m'Boti

Chaka chimene matenda a shuga anatseka maso a bambo Delmer Hargis, mwana wawo Twila anabwera kuchokera ku Chattanooga ndi chikwama chimodzi ndi khanda kumanja, akuti adzangokhala mwezi. Khandalo, dzina lake Opal, linafika pothamanga ndi kukalipira agalu Twila akadali pomwepo. Mwamuna wake Wendell anatsala ku tauni, ku fakitale, m'nyumba imene makatani ake Twila anasoka yekha koma sanawaone atapachikidwa.

A Delmer anakalambira panyanja ya damu, akuperekeza alendo odzawedza. Maso atapita, alendo anapitanso, koma iwo kuwedza sanasiye. M'mawa uliwonse kupatula Lamulungu, Twila ankasiya Opal kwa aneba awo a Tackett, n'kugwira bambo ake dzanja mpaka m'boti, n'kuliza injini.

Nsomba za bass za m'nyanjamo zili mitundu iwiri: wina amautcha chikamwa, wina kakamwa. Chikamwa n'chobiriwira, chili ndi mzere wakuda wogona m'mbali, ndipo chimabisala m'maudzu ndi m'zitsa. Kakamwa n'kofiirira, mizere yake ndi yoimirira, kamakonda miyala. Koma madzi akada, mtundu umanamiza. Chosanamiza ndi nsagwada: uitseke nsombayo pakamwa, ndiye uone. Nsagwada ikapitirira diso, ndi chikamwa. Ikathera pansi pa diso, ndi kakamwa. Chikamwa chachikulu bwino umapita nacho kunyumba kukakazinga mu ufa wa chimanga, koma kakamwa ka msinkhu womwewo lamulo likuti kabwerere m'madzi. Woyang'anira nsomba akakupeza nako, chiphaso chowedzera chapita.

Apa ndi pamene panagona unyolo wa Twila. A Tackett, amene anapuma ntchito ya njanji, anadzipereka kale kuti aziyendetsa botilo.

"Tackett?" a Delmer ankatero. "Ameneyo sasiyanitsa nsomba ndi nsapato. Andimangitse? Ine maso anga ndi Twila."

Ndiye nsomba iliyonse ikakwera m'boti, ankaigwira mlomo n'kuitukula.

"Iwe Twila, tandionera mlendoyu. Ndi ndani?"

"Chikamwa, ababa."

"Chikamwa ngati azakhali ako? Ponya m'bokosi."

Twila ankaseka pang'ono. Sanali wolankhula kwambiri, koma maso ake sankagona. Ndiwo anaona kuti a Delmer asanafunse, chala chawo chachikulu chinkayamba chakankha chibwano cha nsomba kuti itseke pakamwa, pamene chala cholozera chikuyenda m'mbali mwa nsagwada mpaka padiso. Ankachita mofulumira, ngati munthu wongosisita. Twila anaziona zimenezi masiku angapo.

Sabata lomwelo Wendell anaimba foni. Sanakalipe, ndipo chimenecho n'chimene chinamuopsa Twila.

"Mayi a Opal, mwana wanga dzana anandifunsa pa foni kuti ndine ndani. Ine ndatopa kudya nditaimirira. Ubwere chilimwe chisanathe, apo ayi undiuze kuti ndife chiyani."

M'mawa mwake Twila anakaimitsa boti pa miyala ya kumunsi. Posakhalitsa ndodo yowedzera ya a Delmer inapindika. Nsomba inadumpha, n'kulowa pansi, n'kudumphanso, iwo akukuwa ngati mnyamata. Itakwera inali kakamwa kenikeni, kofiirira ngati mkuwa, kamaso ofiira. Zala zija zinayenda ulendo wake.

"Nanga uyu ndani, mwanawe?"

Twila anaiyang'anitsitsa nsombayo.

"Chikamwa, ababa. Ikani m'bokosi."

A Delmer anaigwirabe nsombayo m'manja. Anaitembenuza, n'kusisitanso. Kenako anaweramira kunja kwa boti n'kutambasula zala. Kakamwa kaja kanangoti phwii, n'kupita.

"Yaterereka," anatero.

"Siinaterereke."

"Manja a nkhalamba awa."

"Ababa, mumadziwa. Nsomba iliyonse mumaidziwa musanandifunse."

Madzi ankamenya m'mbali mwa boti. A Delmer anapukuta manja pa buluku nthawi yaitali, ngakhale anali atauma kale.

"Amayi ako ndinkawafunsa chimodzimodzi ndikuona bwinobwino," anatero. "Munthu umafunsa kuti umve mawu m'boti. Nanga ndizicheza ndi nyambo?"

"A Tackett ali nawo mawu. Ambiri."

"Ambiri mpaka nsomba kuthawa."

Twila sanaseke. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Ine Loweruka ndikupita kwa Wendell, ababa. A Tackett aziyendetsa, inu muzizindikira nokha nsomba."

"Pita. Wakumanga ndani?" A Delmer anakulunga chingwe, n'kugoneka ndodo pansi. "Tiye kunyumba, dzuwa landiwotcha."

Kunali mitambo.

Tsiku lotsatira sanadzuke. Twila anawapititsira khofi ndi mazira, n'kukazitenga masana zili momwemo, mafuta atagwirana. A Tackett anabwera ndi chipewa chatsopano, okonzeka kuphunzira boti, koma a Delmer anatembenukira kukhoma n'kunena kuti mutu ukuwawa. Sanadandaule, sanamunene Twila mawu alionse oipa. Ankangoti, "Zikomo, mwanawe, sindikumva njala." Munthu wa shuga wobaya jakisoni osadya, Twila ankadziwa kumene zimathera. Lachisanu anawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, thukuta lili chuchuchu, akumutchula dzina la amayi ake. Anawamwetsa madzi a malalanje pang'onopang'ono mpaka anamuzindikira.

Loweruka m'mawa chikwama chinali pakhomo, chotseka. Opal anakhalapo pamwamba, akumenya zidendene. Twila anaima pakhonde ndi foni, akuyang'ana msewu wopita ku Chattanooga umene umakwera phiri n'kubisika m'mitengo. Wendell anayankha foni itangolira kamodzi.

"Mwanyamuka?"

"Bambo a Opal," Twila anatero, mawu n'kumuthera.

Wendell anadikira. Kenako anapumira m'mwamba.

"Ndamva," anatero, n'kudula.

Twila anatsitsa Opal pa chikwama, n'kumuuza kuti akavale nsapato, apite kwa a Tackett. Analowa kukhitchini, n'kuphwanya mazira awiri m'chiwaya. M'chipinda chija bedi linalira, ndipo anamva bambo ake akufufuza nsapato zawo za m'boti ndi phazi.