Galu wa bambo, ntchito yanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene Jeki, galu wa bambo anga, anayamba kugwa. Tinkakhala kwa Mavwere, ndipo inali nyengo ya nazale za fodya, dzuwa likuswa mtengo. Tsiku loyamba anagwera pafupi ndi nkhokwe, miyendo ikupalasa ngati akuthamanga chogona, thovu lili kukamwa. Anthu oyandikana nafe anabwera ndi zibonga poganiza kuti ndi chiwewe. Bambo anawaletsa, n'kupalasa njinga kukatenga alangizi a ziweto.

Alangiziwo atamuyang'ana ndi kufunsa za katemera, anati, "Si chiwewe ichi. Vuto lili mu ubongo, ngati matenda a khunyu mwa anthu. Sachira, koma akhoza kukhala ndi moyo ngati pali womuyang'anira."

"Alipo," anatero bambo.

Womuyang'anirayo ndinali ine. Achimwene anga a Yohane anali ku sekondale yogonera, amayi anali ndi khanda kumsana, ndipo bambo ankalawirira ku dimba kukathirira nazale. Palibe anandifunsa maganizo.

Jeki akagwa ankadzuka ngati mlendo pakhomo. Ankazungulira mbali imodzi mpaka kugunda khoma, kapena kulunjika pa mafuwa moto ukuyaka. Mbale ya chakudya ankaiphonya, ndiye ndinkachita kumugwira mutu kuti adye. Ankadzikodzera, ndipo fungo lake linkakakamira m'manja ngakhale nditasamba ndi sopo. Ku mjigo ndinkapita mowirikiza, mpaka amayi a kumeneko anandipatsa dzina. "Apatseni mpata anamwino, wodwala akudikira," ankatero akuseka. Anzanga akamasewera fulaye pabwalo la sukulu, ine ndinali kuthamangitsa ntchentche pa galu.

Koma chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri sanali Jeki. Anali bambo. Madzulo akabwera ankamusisita pamutu pang'ono, n'kukhala pampando wawo. Kukabwera mlendo ankayamba nkhani ya momwe galuyo anathamangitsira akuba mbuzi. "Ife sitingamutaye ameneyu," ankamaliza motero, mlendo n'kumawayamikira kuti ndi munthu wachifundo. Ine ndinkamvera ndili kuseri kwa nyumba, ndikuchapa chiguduli chimene Jeki wagonera, ndikudzifunsa kuti "ife" ameneyu ndi ndani.

Loweruka lina kwaya yathu ya ana inaitanidwa kukaimba ku Ludzi. Bambo anati ndisapite chifukwa galu atsala yekha. Amayi, amene sankakonda kutsutsana nawo pamaso pathu, anaika mwana pansi n'kunena modekha, "Bambo a Yohane, mwanayu apita. Galuyo mumamukonda ndinu. Lero mumukondere pafupi."

Nditabwerako masana sindinawapeze bambo pakhomo, choncho ndinatsikira ku dimba. Anali atamutengera Jeki kumeneko n'kumumangirira pamtengo ndi luzi. Galuyo atagwa n'kudzuka, analidula luzilo n'kuyamba kuzungulira pakati pa bedi la nazale, mbande zanthete zonse n'kuzipondaponda. Bambo ndinawapeza atakhala m'matope, buluku litanyowa ndi mkodzo wa galu, akukalipa mawu amene ine sindikanayerekeza kuwatchula.

"Chigalu chopanda ntchito iwe. Fodya wanga uyu wakulakwira chiyani?"

Akukalipa choncho, dzanja lina linali litagwira mutu wa Jeki, lina likumumwetsa madzi a m'keni. Atandiona anandifunsa:

"Kodi amachita zimenezi tsiku lililonse?"

"Eya, bambo. Nanga wadya?"

"Wakana."

"Sanakane. Mbale saiona bwino. Mumayenera kumugwira chonchi."

Bambo sanapepese, ndipo sindinayembekezere kuti angatero. Koma m'mawa mwake anamanga kampanda ka udzu pansi pa mtengo wa mango, n'kuthiramo mchenga kuti Jeki akagwa asavulale. Zomusambitsa m'mawa anazitenga okha, akung'ung'udza kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Alendo akafunsa za galuyo ankangoti, "Akutivutitsa kwambiri." Kwa ine mawu amenewo ankamveka okoma kuposa matamando onse.

Jeki anafa nyengo yozizira, titakolola mtedza. Ndinalira, komanso mumtima ndinapepukidwa, ndipo sindinadziwe kuti ziwirizi zingakhale pamodzi bwanji.

Tsopano ndikudziwa. Wosamalira wodwala amatopa, amakwiya, nthawi zina amalankhula zosayenera, koma mawa amadzukanso n'kukatunga madzi. Mawu okoma nthawi zambiri amachokera kwa amene wangobwera kudzazonda. Masiku ano ndikapita kuchipatala kukaona m'bale, ndikamaliza kupereka moni pabedi ndimatuluka panja kukafuna amene akumudikirira. Ndimamulanda beseni, n'kumuuza kuti akapume, ndiponso kuti ngati akufuna kudandaula, adandaule.