Milimita Ziwiri za a Zomwezo

Inu amene mukuti nthawi yophunzira inakudutsani, imvani za wowotcherera zitsulo wina amene anthu ankamutcha Zomwezo.

Tsiku limene alamu ake anagonekedwa m'chipatala, mlongo wake, mkazi wa alamuwo, anamuponyera pamapazi foloko ya njinga, chitsulo chogwira tayala lakutsogolo. Inali itathyoka pamalo penipeni pamene iye anawotcherera dzulo lake.

"Achimwene, ntchito yanu ndi imeneyo," anatero.

Njingayo inawagwetsa alamuwo pamtsetse, ndipo mwendo wawo sunabwererenso mwakale.

Dzina lija silinabwere lokha. Kasitomala akadandaula kuti chitseko chapendama, iye ankangoseka: "Ndi zomwezo, bwana." Ankayeza ndi diso, pobowoka n'kumatapo penti. Zaka makumi awiri, tangoganizani!

Pofuna kupepesa, anawapangira alamu chitsulo chochirikiza mwendo. Chinawatupula chilonda. Mlongo wake anachibweza ndi mawu akuti chochokera m'manja mwake chisadzalowenso m'nyumba mwawo. Mawuwo anamupweteka kwambiri, chifukwa anali oona.

Imvi zili mbuu, anakalembetsa kukoleji ya ntchito zamanja ya m'dera lawo. Tsiku loyamba anawotcherera mzere wosalala, n'kuima chapatali modzimva. Mphunzitsi, mayi wamng'ono kwa iye, anaudula pakati ndi sowo. Mkati munali mabowo okhaokha.

"Bambo, chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere," anatero mphunzitsiyo. "Komanso mwaphonya ndi milimita ziwiri."

"Aaa, ndi zomwe..." Anadziluma lilime. Anakumbukira foloko ija, manyazi anamugwira.

Anayambiranso ngati sanagwirepo chitsulo: kuchotsa dzimbiri asanawotcherere, kupala ndi tupa, kuyeza kawiri asanadule. Mayeso oyamba analephera. Anabwereza, anakhoza.

Satifiketi sanaionetse aliyense. Anangotenga tepi yoyezera n'kupita kwa mlongo wake, amene anaima pakhomo osamupatsa njira.

"Alekeni alowe, mwendowu ndi wanga," anatero alamu ali mkati.

Zomwezo anagwada n'kuyeza bondo katatu. Patatha sabata anabweretsa chitsulo chatsopano. Alamu anachivala, anaimirira, n'kuyenda okha mpaka pageti, mkazi wawo atagwira pakamwa.

"Chili bwanji, alamu?" anafunsa Zomwezo.

"Izi si zomwezo ayi," anayankha akuseka.

Zomwezo sanaseke nawo. Ankayang'ana njinga ili mumpanda, matayala ataphwa, podziwa kuti mwini wake sadzaikweranso. Madzi akatayika sawoleka. Lero amapangira anthu olumala zitsulo zoyendera, ndipo onse amamutama, koma akafunsidwa amangoti, "Ndikanapita kusukulu kale, alamu anga bwenzi akupalasa."

Ndiye inu, musadikire kuti wina athyoke mwendo kuti muvomere kuti simudziwa. Ndipo ngati wathyoka kale, osataya mtima. Tengani tepi, kagogodeni pakhomo pomwe anakuthamangitsanipo.