Zaka Zisanu M'dzina la Agnesi

Zoti ndipite ku Limbe tinapangana atatu: ine, amayi ndi mkulu wanga Agnesi, tikupalira mpunga kufupi ndi pamene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja. Inali nthawi ija titangovota kuti kubwere zipani zambiri, aliyense akulankhula mokweza zimene kale ankanong'ona. Agnesi anali ndi satifiketi ya fomu 2 imene inkangogona m'sutikesi, poti mwini wake anali atakwatiwa, mwana ali kumbuyo. Ine Lusiya Chingerezi ndinkachitha kuposa iye, koma pepala ndinalibe. Fizi inasowa ndisanalembe mayeso.

"Tenga yangayi," anatero Agnesi. "Pepala lilibe nkhope. Ku Limbe akukudziwa ndani?"

Ine ndinaseka. Amayi sanaseke, koma sanakanenso.

Ntchito ndinaipeza pa kampani ina yosindikiza makalendala ndi mabuku a malisiti, yolandira alendo ndi kuyankha foni. Pa fomu yofunsira ntchito panali bokosi lalikulu lolembedwa kuti employment history. Ndinakodola mayi wina amene tinakhala naye pabenchi, ndipo anandimasulira. "Akufuna mbiri ya ntchito, mwanawe. Kumene unagwirako, zaka zingati, ndi amene angakuikire umboni. Safunsa zimene umatha ayi, amafunsa kumene wadutsa." Bokosilo ndinalisiya lopanda kanthu, ndipo kwa mtsikana wongochoka kusukulu palibe anadabwa. Pamwamba ndinalemba dzina la Agnesi.

Masabata oyamba anthu ankandiyesa wonyada, chifukwa akaitana kuti Agnesi ine sindinkatembenuka. Kenako ndinazolowera. Foni ikalira ndinkati, "Ndine Agnesi, ndikuthandizeni?" kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama papositi, mpaka nyumba ya amayi inafoleredwa ndi malata. Makalata a mkulu wanga ankayamba kuti "Wokondedwa Agnesi wabodza," n'kutha kuti "Ndine Agnesi weniweni, wonunkha usipa." Ndinkawawerenga kawirikawiri, chifukwa anali malo okhawo amene ndinkasekako.

Kunena zoona ndinali ndekhandekha. Ndikamva munthu pamsika akulankhula Chichewa cha kunyanja, m'malo momupatsa moni ndinkakhota. Kutchalitchi cha mpingo wathu sindinkapondako, kuopa kukumana ndi wina wakwathu woti angandiitane dzina langa pagulu. Dalaivala wina wa pakampani anandifunsira bwinobwino, akufuna kukaonana ndi amalume. Ndinkamukonda, koma ndinamukana. Ndikanapita naye bwanji kumudzi kumene Agnesi ali ndi mwamuna ndi ana awiri? Dziko lonse linali litamasuka pakamwa, ine dzina langa lomwe osalitchula.

Chaka chachisanu, Lachiwiri masana, foni inalira. Ndinayankha monga mwa masiku onse.

"Halo? Ndine Agnesi."

"Usatero, mwana iwe," anatero mawu a amalume, akuimba kuchokera kupositi ofesi ya paboma. "Usatero lero. Agnesi watisiya m'mawa wa lero."

Nditakapempha tchuthi, abwana anandifunsa dzina la malemu kuti anzanga alembe pankhata ya maluwa imene anasonkherana kugula. Ndikanati chiyani? Ndinati Lusiya. Ndinakwera basi ndi nkhata pamiyendo, kapepala kake kakunena kuti Lusiya ause mumtendere. Kapepalako ndinakang'amba titadutsa Salima, n'kukataya pawindo.

Kwathu maliro satha osawerenga mbiri ya malemu. Anawerenga ndi bambo Nkhoma, mkulu wa mpingo amene anatiphunzitsa katekisimu tonse awiri. Anatchula kubadwa, ubatizo, sukulu, ukwati, kenako anati, "Malemu sanagwirepo ntchito yolembedwa. Anali mlimi wa mpunga." Ine ndili pamphasa, chitupa cha kuntchito chili m'chikwama, dzina la Agnesi pamwamba, chithunzi changa pansi.

Mwamuna wa Agnesi anatenga maukonde ake n'kubwerera kwawo. Ana anatsala ndi amayi, amene miyendo inali itayamba kutupa. Ndinabwerera ku Limbe, koma dzina lija tsopano linkandiwawa pakhosi ngati munga wa nsomba. Nditamva kuti ku Ngala, kufupi ndi kwathu, akutsegula malo ogona alendo ndipo akufuna munthu wodziwa foni, ndinati mwayi wanga ndi umenewu: ndikakhala pafupi ndi ana, ndikakhalanso Lusiya. Nditasiya ntchito, abwana anandilembera kalata yaumboni yokoma kwambiri, yonena za zaka zisanu za Agnesi zopanda chodandaulitsa. Anawonjezera kuti ndikasintha maganizo mwezi usanathe, mpando wanga ulipo.

Ku Ngala ndinapeza kuti wolandira mafomu ndi bambo Nkhoma omwe aja. Mtima unakhala pansi, ndinati wakwathu andimvetsa. Fomu inali ndi bokosi lomwe lija. Ndinawapatsa kalata. Anaiwerenga pang'onopang'ono, anavula magalasi, n'kuibweza patebulo.

"Mwana wanga, munthu uyu mbiri yake ndinawerenga ndine. Dzina lake lili pamtanda."

"Koma ntchitoyo ndinagwira ndine, bambo."

"Ndikudziwa. Mudzi wonse umadziwa kumene malata aja anachokera. Koma mwini malo ano sakudziwa iwe, adzawerenga pepala. Ukalemba Agnesi, ine ndisayine bwanji za munthu amene ndinamuperekeza kumanda? Ukalemba Lusiya, bokosi ili likhala lopanda kanthu, ndipo panjapo pali atsikana a fomu 4."

"Ndiyeseni pafoni, bambo. Kamodzi kokha."

Anangondikankhira fomu ija. Ndinalemba Lusiya. Ndinayang'ana bokosi lija nthawi yaitali, cholembera chili m'manja. Zaka zisanu ndinadzuka m'mamawa, ndinatukwanidwa ndi makasitomala, ndinakana mwamuna, koma panalibe mzere ngakhale umodzi woti ndilembe. Ntchitoyo sanandiitane.

Ndinauza amayi kuti palibe kanthu, ndikhala, ndizilima dimba la Agnesi. Masiku otsatira anthu obwera kudzandiona sankafunsa ngati ndabwereratu, ankangoti, "Mubwerera liti kuntchito?" Kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe, ndinapeza amayi pakhonde akuthira mpunga m'kathumba, usipa wouma atakulunga kale m'nyuzipepala, sutikesi yanga ili pambali.

"Amayi, mukundithamangitsa?"

Sanadzutse mutu. "Agnesi mmodzi ndakwirira. Winayo akafanso, ana awa adya chiyani?"

Ndinakwiya, ndinalira, ndinawauza kuti ali ndi mwana wina dzina lake Lusiya. Anati akudziwa, anamubereka ndi iwo, ndipo misozi inali kutsika akumanga kathumba kaja. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti bodza langa lili ku Limbe, ndipo kwathu n'kumene ndidzalitule. Sindinkadziwa kuti kwathu n'kumene ankalidya.

Kalata ya abwana ndikali nayo mpaka lero, m'sutikesi momwe muja munkagona satifiketi. Ana aja anakula, anaphunzira, ndipo mafomu awo amalemba m'maina awoawo.

Nditabwerera ku Limbe nthawi imeneyo, Lolemba ndinafika kuntchito nthawi yabwino. Anzanga anandikumbatira, wina anandifunsa ngati ana a malemu Lusiya ali bwino. Ndinati ali bwino. Ndinakhala pampando wanga, ndinapukuta fumbi patebulo. Foni inalira kamodzi, kawiri, katatu, abwana mpaka anasuzumira pakhomo. Ndinainyamula.

"Ndine Agnesi," ndinatero. "Ndikuthandizeni?"